Akuti ndiwapatsira tizilombo ta kumaso

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36. Patha chaka masaya ndi mphuno zikutuluka tiziphuphu, ndipo nkhope imawotcha ngati ndadzola tsabola, makamaka ndikakhala pamoto. Mnzanga adandigulira mafuta oyeretsa khungu kumsika. Ndikadzola zimazizira, ndikasiya zimabwerera moposa kale. Kuchipatala adati ndi rosacea ndipo pakhungupo pachuluka tizilombo. Bambo akunyumba atangomva izi adayamba kugona choyang'ana kukhoma, akuti ndiwapatsira. Kodi ndi uve? Ndithandizeni.

Mayi Wodandaula, Zomba

Mayi Wodandaula,

Mtima m'malo, si uve ayi. Tizilomboto timatchedwa Demodex. Ndi tating'ono, kosakwana theka la milimita, ndipo timakhala m'timabowo momera cheya n'kumadya mafuta a pakhungu. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nato kumaso, ngakhale bambowo!

Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ambiri odwala rosacea timachuluka mopyola muyeso, thupi n'kuyamba kulimbana nato. Nkhondo imeneyi imatupitsa khungu mozungulira timabowo tija, ziphuphu n'kutuluka. Timitsempha ta magazi natonso timakula, n'chifukwa chake mukumva kuwotcha. Kwa azungu nkhope imafiira, pomwe kwa ife akuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye ambiri amangoti ndi ziphuphu wamba. Vutoli likalekereredwa khungu la mphuno limatha kukhuthala, ngakhale izi zimakonda abambo.

Chomwe chandidetsa nkhawa ndi mafutawo. Ambiri mwa mafuta oyeretsa amakhala ndi mankhwala a steroid monga betamethasone kapena clobetasol. Amaziziritsa kwa masiku ochepa, koma amafooketsa chitetezo cha khungu ndi kulipyapyalitsa, tizilombo tija n'kupeza danga loswana. Tengani chubucho mukawaonetse adokotala akuuzeni kasiyidwe kake. Masabata oyamba nkhope idzavuta, koma pirirani, musabwerereko.

Mankhwala alipo: odzola a metronidazole kapena a ivermectin amene amapha tizilomboto, komanso mapilitsi a doxycycline. Ngati muli oyembekezera nenani msanga, poti doxycycline saloledwa. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi 2 kapena 3. Matendawa sathereratu, koma amagonja mukamapewa dzuwa, kuyandikira moto, tsabola, mowa ndi tiyi wotentha kwambiri. Sambani kumaso ndi madzi ofunda, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule. Maso akayamba kuyabwa ngati mwalowa mchenga, kauzeninso adokotala.

Za bambowo, rosacea si mphere, sapatsirana. Pitirani limodzi kuchipatala akadzimvere okha, atembenuke usiku.

Azakhali