Kamera Ili pa Msika wa Mfuti, Maliro Ali Kwina

Mu May 2016 wailesi ina ya kanema ya ku Amereka inaonetsa filimu yochedwa Under the Gun, yonena za mfuti ndi malamulo ake. Wofotokoza nkhani m'filimuyo anali Mai Katie Couric, mtolankhani wochuka m'dziko lonselo. Pa mbali ina ya filimuyo maiyu anakhala pansi ndi mamembala a Virginia Citizens Defense League, bungwe lomenyera ufulu wa eni mfuti, nawafunsa kuti ngati mbiri ya wogula siifufuzidwa, kodi zigawenga ndi anthu amene anamangidwapo pa milandu yaikulu angaletsedwe bwanji kugula mfuti. Oonera anaona anthuwo atangoti zii, ena ataweramitsa mitu, kwa masekondi pafupifupi 9, monga anthu amene asowa conena.

Koma bungwelo linali litajambula palokha mau a zokambiranazo. Mauwo atatulutsidwa, zinadziwika kuti anthuwo anayankha nthawi yomweyo, ndipo analankhula kwa mphindi zingapo. Kukhala cete kuja opanga filimu anacita kukutenga pa nthawi ina ndi kukusomeka pamenepo. Mai Couric anavomera kuti mbali imeneyo inasoceretsa oonera. Bungwelo linakasuma ku khoti kufuna madola 12 miliyoni, koma mlandu unatayidwa, ndipo mu 2018 khoti la apilo linagwirizana ndi cigamuloco. Mlandu unatha, koma bodza linali litaoneka kale.

Wina atamva zimenezi anganene kuti atolankhani a ku Amereka amangodana ndi mfuti. Asafulumire. Cakumapeto kwa 2013 Bambo Dick Metcalf, amene analembera magazini ya Guns & Ammo zaka zambiri, analemba kuti ufulu uliwonse wa m'malamulo aakulu a dziko uli ndi malire, ndi kuti kufuna kuti munthu ayambe waphunzira asanaloledwe kuyenda ndi mfuti si kumulanda ufulu ai. Patangopita masiku ocepa anacotsedwa nchito, ndipo mkonzi wa magaziniyo anapepesa kwa owerenga natula pansi udindo wake. Bambo Metcalf anauza nyuzipepala ya New York Times kuti makampani awiri opanga mfuti anaopseza kuti aleka kucita malonda ndi eni magaziniyo iye akapitiriza kulemba. Zofananazo zinamgwera mlenje wochuka Jim Zumbo mu 2007, atanena kuti mfuti zokhala ngati za asilikali n'zosayenera pa uzimba. Kampani ya Remington inamtaya, ndipo anasiya kulembera magazini ya Outdoor Life.

Magulu awiri olimbana pa nkhani ya mfuti ku Amereka amasunga nkhani zoterezi monga mikondo. Okonda mfuti amachula Mai Couric, odana ndi mfuti amachula Bambo Metcalf, ndipo aliyense aloza mnzake cala kuti ndiye wokondera. Onse awiri akunena zoona, ndipo onse awiri akubisa cacikulu. Kukondera kumene kwaononga kwambiri nkhani imeneyi si kuja kumene kumagwidwa kamodzi pa zaka zingapo. Ndi kuja kwa tsiku ndi tsiku, kosankha kumene kamera ipite ndi kumene isapite. Atolankhani a mbali zonse ziwiri amathamangira kumene kuli cithunzi cogulitsa malonda, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu wamba wa ku Amereka, ngakhale waonera nkhani za mfuti moyo wake wonse, sadziwa bwino cimene lamulo likunena kapena amene akufa.

Citsanzo coonekeratu ndi misika ya mfuti. Imeneyi ndi misonkhano ya masiku awiri, kawirikawiri Loweruka ndi Sabata, yocitikira m'maholo aakulu, kumene anthu amayala mfuti, zipolopolo ndi mipeni pa matebulo monga mmene amai amayalira tomato pa msika. Kwa wojambula zithunzi malo otere ndi phwando: mfuti mazanamazana m'cipinda cimodzi, anthu ovala zachire, mbendera ndi zikwangwani. Ndiye cifukwa cake nkhani ya malamulo a mfuti ikabuka, cithunzi coyamba kuoneka pa kanema cimakhala ca msika wotere, ndipo mau oyamba kumveka ndi akuti lamulo lili ndi ciboo ca pa msika wa mfuti.

Nanga lamulolo likuti ciani? Kucokera mu 1968 munthu amene nchito yake ndi kugulitsa mfuti ayenera kukhala ndi cilolezo ca boma lalikulu. Lamulo la Brady la 1993 linalamula ogulitsa a cilolezo kufufuza mbiri ya wogula, ndipo kuyambira mu 1998 kufufuzako kumacitika kudzera m'makina oyang'aniridwa ndi FBI. Wogulitsa wa cilolezo ayenera kucita zimenezi kulikonse, kaya m'sitolo yake kaya pa tebulo la pa msika. Koma lamulo la 1986 linanena momveka kuti munthu wongogulitsa mwa apo ndi apo mfuti zake za pakhomo si wamalonda. Munthu wotere, pogulitsa kwa mnzake wa m'cigawo comweco, lamulo la boma lalikulu silimkakamiza kufufuza mbiri ya wogula. Zigawo zina, monga California ndi New York, zinadziikira malamulo aoao otseka mpata umenewu, koma zina zambiri sizinatero. Tsono ciboo cilipo ndithu, koma sicili pa msika pokha. Cili pa khonde la nyumba, pa malo oimikapo magalimoto, ndi kulikonse kumene anthu awiri apangana pa intaneti kuti akumane. Kucichula ciboo ca pa msika ndi kuloza khomo limodzi pamene mpanda wonse wagwa.

Kunena zoona, dzinali silinangocokera m'mutu mwa munthu. Pa 20 April 1999 anyamata awiri anapha ana a sukulu 12 ndi mphunzitsi mmodzi pa sukulu ya Columbine m'cigawo ca Colorado. Mfuti zitatu mwa zinai zimene anagwiritsa nchito zinagulidwa ndi mnzao wamkazi wa zaka 18 pa msika wa mfuti, kwa ogulitsa opanda cilolezo. Mwezi wotsatira Nyumba ya Senate inavomera, ndi mavoti 51 kwa 50, kuti mbiri ya ogula pa misika idzifufuzidwa, ndipo voti yodula mkangano inali ya Waciwiri kwa Pulezidenti, Bambo Al Gore. Lamulolo linafera m'Nyumba inayo. Mu 2000 anthu a ku Colorado ndi ku Oregon anadzivotera okha lamulo lotere m'zigawo zao. Conco msika wa mfuti uli ndi mlandu woti uyankhe. Funso n'lakuti kodi mlanduwo ndi waukulu bwanji.

Yankho lili m'mabuku a boma. Nthambi yoona za ziwerengero mu Unduna wa Zacilungamo inafunsa akaidi a m'ndende za Amereka mu 2016, ndipo inatulutsa zotsatira zake mu 2019. Mwa akaidi amene anali ndi mfuti popalamula mlandu, amene anaipeza pa msika wa mfuti sanakwane ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Okwana 43 pa 100 anaigula mumseu kapena pa malonda a mseri, ndipo 25 pa 100 anaipeza kwa wacibale, kwa mnzao, kapena anacita kupatsidwa. Ziwerengero zimenezi zimasautsa mbali zonse ziwiri. Atolankhani okonda zithunzi za pa msika sazichula kawirikawiri, popeza zikucepetsa nkhani yao. Magazini ndi mawailesi a okonda mfuti amachula ciwerengero coyambaco ndi ng'oma, namezera zinazo, popeza zinazo zikusonyeza kuti mfuti zambiri za apandu zimadutsa m'manja momwe palibe wofunsa funso. Samanenanso kuti mfuti yogulidwa mumseu inacokera kwina, ndipo mkaidi sangadziwe manja onse amene inadutsamo.

Kusokoneza dzina kumeneku kuli ndi mtengo wake. Ana 20 ndi akulu 6 ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook mu December 2012, aphungu awiri, Joe Manchin ndi Pat Toomey, anabweretsa lamulo lofuna kuti mbiri ya wogula idzifufuzidwa pa misika ndi pa malonda a pa intaneti. Mu April 2013 linapeza mavoti 54 pamene linafunika 60, ndipo linagwa. Mu 2024 boma la Pulezidenti Joe Biden linatulutsa lamulo lokulitsa tanthauzo la munthu wamalonda a mfuti, ndipo mitu ya nkhani inalengeza kuti ciboo ca pa msika cikutsekedwa. Lamulolo silinakakamize wogulitsa aliyense kufufuza wogula, ndipo caka comweco khoti lina la ku Texas linaliimitsa m'zigawo zingapo. Munthu amene anangowerenga mutu wa nkhani anagona tulo poyesa kuti nchito yatha. Anthu amene auzidwa kuti khomo latsekedwa sadzukanso usiku kukaona mpanda.

Cocititsa manyazi koposa ndi mmene atolankhaniwa amawerengera maliro. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku Amereka, malinga ndi bungwe la boma loona za matenda lochedwa CDC. Mwa amenewa 26,328 anadzipha okha, ndipo 20,958 anacita kuphedwa. Ndiye kuti imfa zoposa theka zinacitika m'cipinda cotseka, kopanda kamera, kawirikawiri kwa mwamuna amene anali ndi mfuti pafupi pa tsiku limene mtima unamlemera. Nkhani ya munthu wotere siidzaza kanema sabata yonse. Mwa ophedwa ndi anzao, ziwerengero za FBI zikusonyeza caka ndi caka kuti mfuti yaifupi ya m'manja ndiyo imapha anthu ambiri, pamene mfuti zazitali zonse pamodzi zimachulidwa pa milandu yocepa kwambiri. Komabe cithunzi cimene cimaikidwa pamwamba pa nkhani ndi ca mfuti yaitali yakuda ya AR-15, cifukwa ndiyo yoopsa m'maso. Palibe wa nzeru amene angacepetse zimene mfuti imeneyo inacita ku Sandy Hook, kapena ku Uvalde mu 2022 kumene ana 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa. Koma nyuzipepala imene imalira maliro amodzi ndi kulumpha zikwi yasankha kale mbali.

Nanga olumphidwawo ndani? Anthu akuda ku Amereka ndi gawo laling'ono la mtundu wonse, pafupifupi mmodzi pa asanu ndi atatu alionse, koma oposa theka la ophedwa ndi mfuti ndi iwo. Mumzinda wa Chicago munaphedwa anthu pafupifupi 800 mu 2021, ambiri a iwo ndi mfuti. Imfa zoterezi kawirikawiri zimalengezedwa Lolemba m'mawa monga ciwerengero ca kumapeto kwa sabata, popanda dzina, popanda mai wolira. Mawailesi a okonda mfuti amaikumbukira Chicago pokhapo pamene afuna kunena kuti malamulo okhwima ndi acabe. Samanena zimene akuluakulu a mzindawo anapeza mu 2017, zakuti mfuti zoposa theka zimene apolisi analanda ndi kulondola gwero lake zinagulidwa koyamba kunja kwa cigawo ca Illinois, ndipo cigawo coyandikana naco ca Indiana ndico cinatsogola. Mnyamata wakuda wa ku Chicago wasanduka ndodo yomenyera mdani pa mtsutso wa pa kanema, osati mwana wa munthu.

Palinso nkhani ina imene inakhala zaka zoposa 20 osapeza malo oyenera, cifukwa ilibe cithunzi. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inacotsa madola 2.6 miliyoni pa ndalama za CDC, ndalama zofanana ndi zimene bungwelo linaonongera pofufuza za imfa za mfuti caka capambuyo, ndipo inaletsa kugwiritsa nchito ndalama za bungwelo polimbikitsa malamulo oletsa mfuti. Kufufuza kunazirala. Phungu amene anatsogolera zimenezi, Bambo Jay Dickey wa ku Arkansas, pambuyo pake anadandaula poyera napempha kuti kufufuzako kuyambirenso. Ndalama zinabwerera mu December 2019, pamene Nyumbayo inapatula madola 25 miliyoni. Dziko lolemera cotere linadziphimba maso dala, ndipo atolankhani ake ambiri anali kalikiliki kujambula matebulo a pa msika.

Eni manyuzipepala ndi mawailesi a ku Amereka amanyadira kuti boma siliwauza colemba. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zamtengo wapatali. Koma Bambo Metcalf sanacotsedwe ndi nduna, ndipo masekondi 9 aja sanasomekedwe ndi wapolisi. Wina anaopa kutaya ndalama za olengeza malonda, wina anafuna cithunzi cogwira mtima wa oonera. Cimene cimafunika si cacilendo ai: kuchula lamulo ndi dzina lake lenileni, kupereka ciwerengero conse osati cidutswa cokomera mbali imodzi, kusiya yankho la munthu mmene analinenera, ndi kupita kumene kuli maliro ngakhale kulibe coonetsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiko kumene malonda a nkhani za mwamsanga sakufuna kulipira.

Owerenga a m'maiko akutali amalandira nkhani za Amereka kucokera ku makampani omwewa, ndipo amazilandira zitasankhidwa kale. Akadzaonanso pa kanema tebulo lodzaza mfuti, ayenera kufunsa kuti wojambulayo anadutsa maliro angati panjira popita kumeneko.