Ndi angati amaliza kusonkha mwezi uno?

Mabungwe a maliro a kuno ku Bulawayo, ku Makokoba, Mzilikazi kapena Njube, ndi akale ndithu. Makolo athu ochokera ku Nyasaland, amene anabwera kudzagwira ntchito kunjanji ndi m'mafakitale, ankasonkherana kuti munthu asaikidwe ngati wopanda abale. Msungichuma ankalemba m'kaundula ndi cholembera. Lero adzukulu ena asamutsira kaundulayo mu Excel kapena Google Sheets, koma pamsonkhano akuluakulu amafunsabe kuti, amaliza kusonkha ndi angati?

Chovuta n'chakuti kuno ndalama siikhazikika. Mu 2009 tinayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi, mu 2016 kunabwera ma bond note, mu 2019 dola ya RTGS, ndipo mu Epulo 2024 ZiG. Ndalama ikagwedezeka, komiti imakhalanso pansi n'kusintha chopereka cha pamwezi.

Tinene kuti zopereka zalembedwa kuyambira C2 mpaka C200, ndipo aliyense ayenera kupereka madola 5. Achinyamata ambiri amalemba =COUNTIF(C2:C200,">=5"). Imawerenga bwino, sindikukana. Koma 5 uja wabisala m'kati mwa fomula, ndipo amamuona ndi mwini laputopu yekha. Chopereka chikakwera kufika pa 7, wina ayenera kukumbukira paliponse pamene 5 analembedwa. Akaiwala malo amodzi, amene sanamalize aoneka ngati amaliza, ndipo zidzatulukira tsiku la maliro, anthu atakwiya kale.

Ine ndimati nambalayo ikhale poyera. Ilembeni m'kabokosi kakekake, tinene F1, pambali pake mulembe kuti "chopereka cha pamwezi". Fomula ikhale =COUNTIF(C2:C200,">="&F1). Komiti ikasintha ndalama, musintha F1 basi. Agogo amene sanakhudzepo kompyuta angathe kuloza kabokosiko n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, tinagwirizana 7 kapena 8?" Pa ndalama za maliro funso limenelo liyenera kukhala losavuta kufunsa.

Samalani ndi kachizindikiro ka & kaja. Mukalemba ">=F1", zonse m'kati mwa mitengero, kompyuta imayesa kuti mukufuna mawu akuti F1, osati nambala ili m'kabokosimo. Choipa n'chakuti sidandaula. Imangoyankha 0 mwaulemu, ngati kuti bungwe lonse silinapereke. (Makompyuta ena amafuna chizindikiro cha ";" pamene ine ndaika "," m'fomula, kutengera dziko limene anatcheredwa.)

Poti kuno wina amabwera ndi randi yochokera kwa mwana wake ku Johannesburg, wina ndi dola, lembani mtundu wa ndalama mu B, ndipo umene mukufuna kuwerenga muuike mu F2. COUNTIFS, imene inabwera ndi Excel 2007, imayang'ana zonse ziwiri: =COUNTIFS(B2:B200,F2,C2:C200,">="&F1). Apa F2 safuna &, chifukwa mukungofuna zofanana naye. Kungoti mu C muzilemba manambala okhaokha. Mukalemba "5 dollars", kompyuta imaona mawu, ndipo munthu wopereka mokhulupirika uja adzawerengedwa pamodzi ndi angongole.