Lantana asatinyenge ndi maluwa ake

Kaduwa ka lantana kakangomasula kamakhala kachikasu. Agulugufe akakatera, kamasintha n'kukhala kofiira kapena kapinki, n'chifukwa chake kamutu kamodzi ka timaluwa kamakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu ngati chitenje. Kukongola kumeneku ndi kumene kunachititsa kuti chitsambachi chichotsedwe kwawo ku Central ndi South America, chidzalidwe m'minda ya maluwa ku Ulaya, kenako chifike ku India, Australia ndi kuno ku Africa. Koma amene akuchidzala lero ngati mpanda wa pakhomo ayambe wachiyang'ana chonse, kuyambira kutsinde.

Tsinde lake ndi la ngodya zinayi, lodzaza timinga tokhota, ndipo nthambi zimalukana mpaka munthu kapena mbuzi osapeza polowera. Pansi pake udzu sumera. Masamba ake ndi okhakhala, ukawatikita amatulutsa fungo lamphamvu, ndipo muli poizoni wotchedwa lantadene amene amawononga chiwindi cha ng'ombe ndi nkhosa. Chiweto chikadya ambiri, maso amachita chikasu ndipo khungu limasupuka chikakhala padzuwa. Choopsa kwambiri ndi tizipatso take, tobiriwira tikakhala tosapsa, takuda bii tikapsa. Mbalame zimatikonda, ndiye njere zimakagwera kumadambo, m'mbali mwa mitsinje ndi kumalo odyetsera ziweto, kutali ndi mwini mpanda uja. Si pachabe kuti bungwe la IUCN linaika lantana pamndandanda wa zamoyo 100 zobwera zowononga koposa padziko, ndipo ku South Africa malamulo amaletsa kumudzala.

Ena amati chitsambachi n'chopirira chilala ndipo mpanda wake ngwotchipa poyerekeza ndi wa njerwa. Zoona, koma kupirira komweko ndi kumene kumavutitsa mlimi: ukachidula chimaphukira pachitsa, ukachitentha chimabweranso mvula ikangogwa. Ena amanena za mitundu yosabala njere. Wogula mbande m'kathumba pamsewu angaizindikire bwanji? Ngati tikufuna mpanda waminga wochita maluwa m'chilimwe, bougainvillea alipo, ndipo kawirikawiri amafala ndi nthambi zodula, osati ndi mbalame. Ogulitsa mbande asiye lantana, ndipo amene ali naye kale amuzule ndi chitsa chomwe zipatso zisanade.