Belu tsopano tiziliza tokha

Ambirife tinachokera kusekondale za mpingo zogonera komweko, kumene tsiku lonse linkayendetsedwa ndi belu. Kunali belu lodzuka, belu la phala, belu lolowa m'kalasi, belu la pulepu, mpaka belu lozimitsa magetsi. Tinkadandaula kuti akutisunga ngati asilikali, koma ntchito inkatheka. Titafika kuno ku koleji tinapeza kuti phunziro lina likatha 10 koloko m'mawa, lotsatira limayamba 2 koloko masana, ndipo palibe wotifunsa kuti maola anayi apakatiwo tachita nawo chiyani. Nthawi zambiri ifenso sitidziwa. Timangodzidzimuka kuti ntchito imene aphunzitsi anatipatsa masabata atatu apitawo ikufunika mawa, ndiye usiku wonse tili maso kulemba zothamanga. Paja akuluakulu anati zengerezu adalinda kwaukwau.

Maganizo athu ndi akuti wophunzira aliyense akhale ndi belu lakelake, ndipo belulo tili nalo kale m'thumba. Tikunena wotchi yowerenga nthawi chobwerera m'mbuyo, imene pafoni ndi pa intaneti imatchedwa timer. Timaiuza mphindi zimene tikufuna, imayamba kutsika mpaka pa ziro, kenako imalira. Pa laputopu tikangolemba mawu akuti timer mu Google, imatuluka pomwepo.

Wotchi wamba imatiuza kuti ndi 3 koloko, ndipo mtima umati nthawi ikadalipo. Timer imatiuza zimene zatsala. Tonse tikukumbukira m'chipinda cha mayeso a MSCE, woyang'anira akanena kuti kwatsala mphindi khumi, momwe cholembera chinkathamangira. Nzeru zinali zomwezo, koma mapeto tinkawaona. M'chaka cha 1955 wolemba wina wa ku Britain, Cyril Northcote Parkinson, anafotokoza kuti ntchito imatanuka mpaka kudzaza nthawi yonse imene taipatsa. Tikapatsa mutu umodzi wa buku madzulo onse, udzadya madzulo onse.

Njira yodziwika kwambiri inayambitsidwa ndi Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ali wophunzira ngati ife. Ankagwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati phwetekere, n'chifukwa chake njirayi imatchedwa Pomodoro, dzina la phwetekere m'Chitaliyana. Timasankha ntchito imodzi, n'kuigwira mphindi 25 osasuntha, kenako kupuma mphindi zisanu. Tikatero kanayi timapuma nthawi yotalikirapo. Ubwino wake ndi wakuti kuyamba kumapepuka. Kulemba masamba khumi kumaopsa, koma mphindi 25 aliyense angazipirire.

Ena anganene kuti foni yomweyo ndiyo imatibera nthawi, nanga tiidalira bwanji? Akunena zoona. Timatenga foni kuti tione mphindi zatsala, n'kuona uthenga wa pa WhatsApp, kuchoka apo tili pa TikTok, timer ikamalira sitinalembe ngakhale mzere umodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma timer imene imabwera kale m'foni, pamodzi ndi alamu, sifuna bandulo. Tizimitse intaneti, tiike foni chafufumimba patali poti dzanja silifika, kulira kwake tidzakumva. Amene akugwiritsa ntchito ya pa intaneti pa laputopu atseke masamba ena onse. M'laibulale tichotse phokoso kuti izingonjenjemera, tisasokoneze anzathu.

Kwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa magiredi athu. Posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana ndi phunziro la mphindi 40. Pa pulani ya phunziro timalemba kuti mawu oyamba atenga mphindi zisanu, koma ndi angati a ife amene tikudziwa kutalika kwa mphindi zisanu tikamalankhula? Mphunzitsi amene belu limamupeza asanafike pa mfundo yaikulu tsiku ndi tsiku, chaka chimatha silabasi isanathe, ndipo olira ndi ana a Fomu 4. Tisanapite kokayeserera kuphunzitsa, tiyeni tiziphunzitsana m'magulu timer ikuyenda, kuti pakamwa pazolowere malire.

Sitikunena kuti chilichonse chiyezedwe ndi mphindi. Kukaona mnzathu wodwala kapena kupepesa maliro sikufuna wotchi. Komanso kuwerenga nthawi yotsala si kwachilendo kwa ife. Lachisanu lililonse timachapa, kusita ndi kusesa maso ali padzuwa, podziwa kuti likangolowa zonse ziima, ndipo tsiku limeneli ntchito imayenda msanga kuposa masiku ena. Dzuwalo likalowa, timer nayo ipume mpaka Sabata lithe.

Makolo athu ena amagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti fizi ikwane. Sanatilipirire kuti tidzagone 3 koloko m'bandakucha kamodzi pa mwezi tikulemba zosamveka. Sabata ino tiyesere chinthu chimodzi. Pa mpata woyamba umene tikhale nawo pakati pa maphunziro, tisankhe ntchito imene takhala tikuizemba, tiike mphindi 25, tiyambe. Ikalira tione pamene tafika.