PAKHONDE LA AKATEKISITI: Mboni Yatsopano pa Mlandu wa Kusabereka

Mwezi wathawu tinaitanidwa ku Kabwata kukamva mlandu wa banja lina la mu mphakati. Papita zaka 6 chimangire ukwati, koma mphatso palibe. Apongozi anali atagamula kale kuti mkaziyo ndi chumba, abwerere kwao. Mayiyo anali atamwa mizu yowawa ya asing'anga, nayendanso m'zipatala kuchokera ku Chelstone mpaka m'tauni. Koma titafunsa ngati bambo anakapimitsako, m'nyumba monse munangoti zii, ngati kuti tatukwana.

Komatu madokotala amati mwa mabanja osowa mphatso, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Mbewu ya mwamuna inaoneka kale mu 1677 pa maikulosikopu ya Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, ndipo lero kuipima si nkhani yovuta. Bambo amadziletsa masiku 2 mpaka 7, napereka umuna wake. Wa mu labotale amadontheza pang'ono pagalasi nayang'ana kuchuluka kwa mbewu, kayendedwe kake ndi kaumbidwe kake. Buku la bungwe la WHO la 6 mu 2021 linaika muyeso wapansi pa mbewu 16 miliyoni mu mililita imodzi, ndi 4 zokha pa 100 zoumbika bwino. Azibambo anzathu timve bwino apa: nyonga ya kuchipinda si umboni wakuti mbewu ili bwino. Chinzonono chosachiritsidwa msanga, matsagwidi ogwira munthu atakula, mitsempha yotupa ya kumalo obisika, fodya ndi mowa, zonsezi zimaiononga, ndipo zina mwa izo zili ndi mankhwala.

Eklezia sakana kupima kotere. Amangopempha kuti mbewuyo itengedwe m'njira yolemekeza ukwati, ndipo Bambo Mfumu kapena dokotala wachikatolika angakulangizeni mseri. Ife tikuona kuti galasili lasanduka mboni yoteteza amayi ambiri amene akhala akusenza mlandu wosakhala wao.

Koma galasi lomwelo lili ndi ntchito ina. Mu 1992 ku Brussels kunabadwa ana oyamba mwa njira yotchedwa ICSI: katswiri amasankha mbewu imodzi pa maikulosikopu, naibaya ndi kasingano m'dzira la mayi kunja kwa thupi. Pambuyo pake kunadza IMSI, imene imakulitsa mbewu koposa ka 6,000 kuti aone tizilema ta pamutu pake, ngakhale ofufuza sanapeze umboni wokwanira wakuti ana obadwa amachuluka nayo. Kale zoterezi zinali za opeza bwino a ku Kabulonga ndi Woodlands okwera ndege kunka ku Johannesburg. Tsopano IVF ikuchitika mu Lusaka mommuno.

Apa Eklezia amati ai. Chikalata cha Donum Vitae cha mu 1987 chinakana kupanga mwana m'galasi, ndipo cha Dignitas Personae cha mu 2008 chinatchula ICSI ndi dzina. Zifukwa zake nziwiri. Mwana ayenera kuyambira m'kudzipereka kwa mwamuna ndi mkazi wake, osati pa thebulo la katswiri. Komanso miluza imapangidwa yambiri. Yotsala imaumitsidwa kapena kutayidwa, pamene kwa ife uliwonse ndi munthu. Tidziwa kuti mawu awa ndi olemera kwa mayi amene walira zaka 10, ndipo sitiwalemba mopepuka. Mwana wobadwa mwa njirayi ndi wa Mulungu monga wina aliyense, timamubatiza mokondwa.

Ku Kabwata kuja tinakhala mpaka dzuwa kulowa. Potsiriza bamboyo anavomera kukapimitsa ku UTH, malinga nkhoswe yake imperekeze ndipo amai ake asamve zotsatira kwa anthu ena. Mayi uja akadali pakhomo pake, ndipo katundu amene anali atamanga kale wamasula.