Mseu Umene Udadya Mthunzi wa Anthu a ku Tremé

Akuluakulu olemba mapulani a mizinda ali ndi mau amene amakonda kutonthoza nawo anthu pamene afuna kuwapasulira mudzi. Amati mseu ulibe tsankho, umangotsata pamene chingwe cha woyeza malo chagwera. Mau amenewa ine ndikuwakana, ndipo ndikupemphani inu owerenga kuti mupite nane ku New Orleans, mzinda wa kumwera kwa United States, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, tikaone pamene chingwecho chidagwera m'chaka cha 1966.

Mumzindamo muli dera lakale lotchedwa Tremé. Dzinali ndi la Claude Tremé, Mfalansa amene malowo adali ake mpaka akuluakulu a mzinda adawagula mu 1810 ndi kuwagawa m'mapuloti. Ambiri mwa ogula adali anthu akuda amene adali mfulu, pa nthawi imene abale ao ochuluka adali akali pa goli la ukapolo. Pomwepo pali bwalo la Congo Square, pamene akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamulungu kuti aimbe ng'oma, avine ndi kugulitsana tinthu tao. Nyimbo za jazi zimene dziko lonse likuzidziwa lero zidayamwa bere la ng'oma zimenezo.

Pakati pa deralo pali tchalitchi cha Augustino Woyera, chimene chidayamba kumangidwa mu 1841 ndi kudalitsidwa mu 1842. Masiku amenewo mipando ya m'tchalitchi inkalipiridwa, banja lililonse ndi mpando wake. Akhristu akuda amene adali mfulu adalipira mipando ya mabanja ao, komanso adapitirira nalipira mipando ya m'mbali kuti akapolo, amene adalibe ngakhale khobidi, apeze pokhala pa Misa. Henriette Delille, amene adayambitsa chipani cha Asisitere a Banja Loyera mu 1842, adachita malumbiro ake m'tchalitchi chomwechi. Homer Plessy, uja adakana kutuluka m'chipinda cha azungu m'sitima yapamtunda, mlandu wake nufika ku bwalo lalikulu la dzikolo mu 1896, adali mkhristu wa parishi yomweyi. Ndalongosola zonsezi kuti pasakhale wina wonena kuti kumeneku kudali kumabwinja, kumalo kopanda mbiri, koyenera kusesedwa.

Tsono mtima wa Tremé udali mseu wa Claiborne. Pakati pake padali bwalo lotambalala, lalitali, la udzu ndi mizere ya mitengo ikuluikulu ya oki, yotambasula nthambi monga achitira kachere pa bwalo la mfumu. Uku ndi uku kudali masitolo, malesitanti, nyumba zometera, mabungwe a inshuwalansi, nyumba zokonza maliro ndi zoonetsa kanema, zambiri mwa izo eni ake ali anthu akuda. Sikuti zidangochitika mwangozi ai. Malamulo a tsankho ankachititsa manyazi munthu wakuda m'masitolo akuluakulu a mseu wa Canal, kotero kuti anthu adadzimangira msika waowao. Ana ankasewera pamthunzipo, amai ankakumanapo pochokera kogula ndiwo, maliro operekezedwa ndi malipenga ankadutsa pomwepo. Pa tsiku la Mardi Gras, chikondwerero chimene chimatsogolera Lachitatu la Phulusa, azungu ankakhala ndi madyerero ao kwina, koma akuda ankadzaza Claiborne.

Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower adasaina lamulo lomanga miseu ikuluikulu yolumikiza zigawo za dzikolo, ndipo boma lalikulu linkalipira magawo 90 mwa magawo 100 a ndalama zake. Ndalama zotere zikagwa, mzinda uliwonse umafuna kutolako, ndipo pofunika ndi malo odutsapo. Kumayambiriro kwa 1966 makina adafika pa Claiborne nayamba kuzula mitengo ija. Eni dera sadaitanidwe ku msonkhano kuti afunsidwe maganizo. Pofika 1968 padali pataima mseu wa m'mwamba wotchedwa Interstate 10, wokhala pa zipilala za simenti, ndipo pamene padali udzu padasanduka malo a mdima, a fumbi ndi mkokomo wa malole usana ndi usiku. Masitolo adayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Ndani angakhale pakhonde kudya nkhani pamene denga la simenti likunjenjemera pamutu pake?

Apa ndipo ndifuna muchere khutu. Mtunda wochepa chabe kuchokera ku Tremé kuli French Quarter, dera lakale la alendo odzaona malo, kumene kuli bwalo la Jackson Square ndi katedrale ya St. Louis. Kumenekonso kudakonzedwa mseu wa m'mwamba, wotsata gombe la mtsinje, monga adalangizira katswiri wa ku New York, Robert Moses, mu 1946. Koma kumeneko kudali anthu a maina, a ndalama, odziwana ndi maloya ndi alembi a nyuzipepala. Adalimbana nawo kwa zaka zingapo, ndipo mu 1969 nduna ya za mtengatenga, John Volpe, idathetsa pulaniyo. Adachita bwino, sindikuwada ai. Ena amasimba ngati mseu wa ku French Quarter ndiwo udakankhidwira ku Claiborne. Zimenezo si zoona, pakuti mapulani onse awiri adalipo pamodzi. Koma choonadi chake nchowawa kuposa nthanoyo. Mzinda umodzi, zaka zomwezo, madera awiri akale oyandikana, ndipo lina lidamvedwa mpaka kulikulu la dziko, pamene lina silidafunsidwe nkomwe. Anthu akuda a kumwera adali atangolandira kumene chitetezo cha ufulu wao woponya voti mu 1965. Kodi chingwe cha woyeza malo chidadziwa bwanji kuti apa mpofewa?

Ndikudziwa chimene ena ayankhe. Adzati mzinda sungakhale wopanda miseu. Odwala ayenera kufika msanga ku chipatala, katundu wa padoko ayenera kutuluka, ndipo New Orleans ndi mzinda wa anamondwe, wofuna njira yothawira. Zonsezi nzoona. Adzatinso masitolo a pa Claiborne akadafookabe, popeza tsankho litathetsedwa ndi lamulo la 1964 ogula akuda adayamba kulowa m'masitolo ena. Nazonso zili ndi choona chake. Komatu munthu akadwala malungo sindiye kuti mwaloledwa kumgwetsera chipupa. Ndipo funso langa silakuti mseu umangidwe kapena usamangidwe. Funso nlakuti: adalipira ndani, ndipo adapindula ndani? Wopindula adali wokhala kunja kwa mzinda, amene amadutsa pamwamba pa Tremé m'timphindi tochepa osaona ngakhale nkhope imodzi ya okhala pansipo. Wolipira adali nkhalamba imene idataya mthunzi wake, wamalonda amene adataya ogula, ndi mwana amene wakulira mu utsi. Wogawa nyama akadzipatsa ntchafu napatsa mnzake mafupa, asatiuze kuti mpeni ndiwo udasankha.

Anthu a ku Tremé adaphunzirapo kanthu. Mu 2006, namondwe Katrina atangopita, Arkiepiskopi Alfred Hughes adalengeza kuti parishi ya Augustino Woyera itsekedwa. Akhristu ndi owathandiza adakana, ena nakhala m'nyumba ya ansembe masiku angapo osatuluka, mpaka chigamulocho chidasinthidwa. Nkhaniyi ndi yosautsa kwa ife a Mpingo, koma tisaibise, pakuti nafenso tingathe kulemba mapulani pa tebulo osafunsa eni nkhani.

Nanga mseuwo? Mu 2021 boma la Pulezidenti Biden lidatchula Claiborne poyera ngati chitsanzo cha miseu imene idang'amba midzi ya anthu, ndipo lamulo la chaka chomwecho lidapatula madola 1 biliyoni okonzera zolakwa zotere m'dziko lonse. Kugwetsa nkotheka: mzinda wa Rochester udakwirira gawo la mseu wake wotere pakati pa 2014 ndi 2017, pamalopo nkumangapo nyumba. Koma ku Tremé eni ake sali pa mau amodzi. Ena afuna mseuwo ugwe. Ena akuopa kuti ukagwa malo adzakwera mtengo, olemera adzathamangirako, ndipo zidzukulu za amene adapirira phokoso zaka zoposa 50 zidzasamutsidwa ndi lendi mmalo mwa makina. Manthawa si a chibwana, ndipo aliyense wofuna kugwetsa mseuwo asanayankhe za lendi akubwereza tchimo lomwe lija la 1966, kuwakonzera anthu zabwino iwo ali kunja kwa chitseko.

Mu 2023 boma lalikulu lidapereka madola 500,000 oti achitire kafukufuku wina. Mseu ukadali chiimire. Mu 2002 amisiri a zojambula adajambula mitengo ya oki pa zipilala zake zina, ndi nkhope za anthu otchuka a m'deralo pa zina, ndipo pa Mardi Gras anthu amasonkhanabe pansi pa simentiyo ndi malipenga ao, malole akudutsa pamwamba.