Mtsempha wa mawu: kuuteteza n'kosavuta kuposa kuusoka

Kuseri kwa chithokomiro, mbali zonse ziwiri za khosi, kumadutsa timitsempha tiwiri topyapyala timene timatsegula ndi kutseka minofu yotulutsa mawu. Kamodzi kakaduka pa opaleshoni, mawu amasasa ndipo munthu amatsamwa ngakhale ndi madzi; tikaduka tonse, kupuma kumavuta mpaka madokotala amaboola pakhosi kuti mpweya udutse. Zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, dokotala wina dzina lake Galen ankadula mitsemphayi pa nkhumba yolira, nkhumbayo n'kungoti zii.

Akatswiri akhala akuyesa kusoka mtsemphawu pa agalu, akalulu ndi makoswe, ndipo zimene apeza ziyenera kutiphunzitsa kusamala. Mtsempha wosokedwa umaphukadi, pafupifupi milimita imodzi patsiku, koma mkati mwake nthambi zotsegula kholingo n'zosakanikirana ndi zotseka. Pophuka zimasokera, ya kotsegula n'kukalowa kotseka, ngati mawaya olumikizidwa mumdima. Mnofu umalimba, mawu amakhalako bwino, koma kawirikawiri kuyenda kwake sikubwerera. Jean-Paul Marie wa ku Rouen, ku France, anazemba vutoli pobwereka nthambi ya mtsempha woyendetsa kupuma n'kuilumikiza ku minofu yotsegula yokha. Anayambira pa nyama, kenako anthu, ndipo ena anathandizika. Koma ndi ntchito ya maola ambiri, yofuna makina okuza zinthu, ndipo wodwala amadikira miyezi.

N'chifukwa chake kuno ku Blantyre mphamvu zathu zipite poteteza. Mu 1938 Frank Lahey wa ku Boston anaonetsa kuti dokotala akayamba waufufuza mtsemphawu n'kuuona ndi maso asanachotse chotupa, anthu ovulala amachepa. Izi sizilira makina okwera mtengo, zimalira manja ophunzitsidwa bwino, ndipo ku chipatala cha Gulupu, komwe Pulofesa Wakisa Mulwafu anakuza ntchito ya makutu, mphuno ndi khosi, maziko alipo. Ena ati mawu si moyo, ndalama zipite ku malungo. Akafunse mphunzitsi wa ku Ndirande kapena mayi woitanira malonda mumsika wa Limbe ngati angadyetse ana ndi manong'onong'o. Enanso ati ndiye kafukufuku wa pa nyamayo ngopanda pake. Ayi, khansa ndi ngozi zidzadulabe mitsempha, ndipo ophunzira udokotala a ku yunivesite ya KUHeS ayenera kuzitsatira njirazi.

Inu amene mukudikira opaleshoni ya chithokomiro, pemphani kuti akuunikeni kholingo musanalowe komanso mutatuluka. Mawu akasasa kwa milungu ingapo, bwererani kuchipatala.